Luso loluka lesi ndi manja lipatsidwe malo pa tsamba la zaluso

Akonzi,

Ndiloleni ndilembepo za luso limene ndakhala ndikulikonda kwa zaka zambiri, lomwe ndi kuluka lesi ndi singano ziwiri. Tsamba lanu la zaluso ndimaliwerenga nthawi zonse, ndipo ndimakondwera mukamalemba za osema, oumba, ojambula ndi oimba. Koma kuluka kumangotchulidwa mwa apo ndi apo, ndipo kukatchulidwa kumamveka ngati kantchito kamene munthu amagwira akasowa chochita. Ine ndikufuna kuonetsa owerenga anzanga zimene zili m'kati mwa ntchitoyi, chifukwa ndikukhulupirira kuti munthu amene wamvetsa mmene kabowo kamodzi ka lesi kamapangidwira sangaichepetsenso, ndipo mwina angafune kuiphunzira isanachoke m'manja mwa amene akuidziwa lero.

Panopa ndili ndi zoluka zitatu zimene sizinathe. Choyamba ndi shawelo ya mbali zinayi zofanana, ya ulusi wa ubweya wa nkhosa wopyapyala kwambiri, imene ndinayamba miyezi isanu ndi inayi yapitayo. Chachiwiri ndi sikafu yaitali yokhala ndi timfundo tozungulira ngati njere, ndipo chachitatu ndi nsalu yozungulira ya patebulo, ya ulusi wa thonje. Anthu amene amandipeza ndikuluka amafunsa chifukwa chimene ndimayambira china chisanathe chinzake. Yankho lake ndi lakuti zitatuzi sizifuna maso ndi mutu mofanana. Shawelo imafuna kuwala kwa masana ndi bata, sikafu imatopetsa zala msanga, pamene nsalu ya patebulo ili ndi mizere yambiri yosavuta imene munthu angaluke uku akucheza ndi anzake.

Nsalu yoluka iliyonse, kaya ndi juzi, chipewa kapena sokosi, kwenikweni ndi ulusi umodzi wautali, ndipo sititchi iliyonse imatulukira m'kati mwa inzake ya mzere wapansi. Woluka juzi amaopa bowo, chifukwa bowo pa juzi limatanthauza kuti sititchi yapulumuka. Woluka lesi amapanga mabowo mwadala, ndipo luso lake lonse lagona pa kudziwa malo oika bowo lililonse. Kabowo kamapangidwa pokoleka ulusi pamwamba pa singano popanda kuulowetsa mu sititchi ina iliyonse. Pa mzere wotsatira ulusi wokolekawo umalukidwa ngati sititchi yeniyeni, ndipo pansi pake pamatsala kampata. Vuto ndi lakuti kukoleka kulikonse kumawonjezera sititchi imodzi, moti munthu atamangokoleka osachepetsa, nsaluyo imka nikula m'mbali mpaka kutaya maonekedwe ake. Choncho kabowo kalikonse kali ndi mnzake, yemwe ndi kuluka masititchi awiri pamodzi kuti akhale amodzi. Pamene pawonjezedwa imodzi, penapake pa mzere womwewo pamachotsedwa imodzi, ndipo chiwerengero chimakhala monga chinalili.

Pamenepa ndi pamene ntchitoyi imakoma. Masititchi awiri angaphatikizidwe m'njira yoti apendekere kumanja kapena m'njira yoti apendekere kumanzere, ndipo atatu angaphatikizidwe kuti wapakati aime chilili pamwamba pa anzake. Woluka akaika kuphatikizako pafupi ndi kabowo, nsalu imakhala yowongoka ndipo timabowo timandandalika bwino. Akakuika kutali, kusiya masititchi angapo pakati, mizere yonse ya pakatipo imapendekeka, ndipo m'mphepete mwa nsalu mumatuluka mafunde popanda munthu kudula kapena kusoka chilichonse. Masamba, nthenga, mafunde a panyanja ndi maluwa amene mumaona pa lesi yoluka, zonsezo zimachokera pa zinthu ziwiri zokhazi, kukoleka ndi kuphatikiza. Nditazindikira zimenezi koyamba ndinakhala tsiku lathunthu ndikusuntha malo ophatikizira pa kansalu koyeserera, kungofuna kuona mmene tsamba lingatembenukire.

Oluka ambiri masiku ano amatsatira tchati, chomwe ndi pepala la timabokosi ngati la masamu. Kabokosi kamodzi ndi sititchi imodzi. Kozungulira kamaimira kukoleka ulusi, ndipo kamzere kopendekeka kamasonyeza mbali imene kuphatikiza kupendekere. Mzere wa kumaso kwa nsalu umawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, chifukwa umu ndi mmene singano zimayendera. Ubwino wa tchati ndi wakuti chimafanana ndi nsalu imene ikutuluka, ndiponso sichisankha chilankhulo. Ndinalukapo patani imene mawu ake onse anali m'chilankhulo chimene sindichimva, koma tchati chokha chinandifikitsa kumapeto.

Shawelo yanga ndikuiluka motsatira njira ya ku Shetland, zilumba za kumpoto kwa Scotland. Kumeneko, makamaka pa chilumba cha Unst, akazi anatchuka m'zaka za m'ma 1800 chifukwa cha lesi yopyapyala kwambiri moti shawelo yaikulu, yotalika pafupifupi mamita awiri mbali iliyonse, inkatha kudutsa m'kati mwa mphete yaukwati. Ubweya wake sankaumeta ndi sizasi koma ankauzula ndi manja pa nthawi imene nkhosa zikuyoyola zokha, ndipo wofewa kwambiri unkachokera m'khosi. Mu 1837 Mfumukazi Victoria inalandira mphatso ya zoluka za ku Shetland, ndipo mu 1851 lesi ya kumeneko inaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku London. Kuchokera pamenepo anthu olemera a ku Britain anayamba kuifuna kwambiri.

Chimene chimandikopa pa njira yawo si kupyapyala kokha ayi, koma nzeru ya kalukidwe. Sankayambira pakati kapena pakona monga ambiri timachitira. Ankayamba ndi kachingwe ka m'mphepete kokhala ndi mano, kenako n'kutola masititchi m'mbali mwa kachingweko, n'kuluka chigawo chachikulu cha m'mbali kulowera m'kati, ndipo pomaliza ankalumikiza zigawozo ndi singano yosokera m'njira yotengera sititchi yeniyeni, kuti pasapezeke msoko wolimba paliponse. Cholinga chake n'chomveka kwa aliyense amene anakungapo lesi: malo oyambira ndi malo otsekera ndi amene amakana kutambasuka, ndipo shawelo imene ilibe malo oterewa imatambasuka mofanana mbali zonse. Ndiponso mizere yawo yonse ankailuka ndi sititchi ya kumaso yokhayokha, moti shawelo sinkakhala ndi kumaso kapena kumbuyo, ndipo wovala sankavutika kuyang'ana mbali yoyenera. Ine ndatha kachingwe ndi zigawo zitatu za m'mbali, ndipo chachinayi chili pa singano ndi masititchi 231.

Mbiri imeneyi ili ndi mbali yowawa imene siyenera kubisidwa tikamayamikira kukongola kwa mashawelo. Oluka a ku Shetland nthawi zambiri sankalipidwa ndalama. Amalonda ankalandira zoluka n'kupereka katundu wa m'sitolo zawo, monga tiyi ndi nsalu, ndipo mkazi wofuna ndalama ankayenera kugulitsanso katunduyo motsika mtengo. Mu 1872 boma la Britain linatumiza ofufuza ku Shetland kukamva za mchitidwewu, ndipo oluka ambiri anaperekera umboni. Ndikamaganizira zimenezi ndimaona kuti kupeputsa ntchito ya woluka si chinthu chatsopano. Shawelo inkavalidwa m'nyumba zachifumu, koma manja amene anailuka sankawerengedwa. Chifukwa chake sindiona ngati nkhani yaing'ono munthu akanyamula choluka chimene chatenga miyezi n'kufunsa mtengo wa ulusi wokha, ngati kuti maola onse aja analibe mwini.

Miyezi itatu yapitayo ndinalakwitsa pa chigawo chachitatu cha shawelo, ndipo ndikufuna kufotokoza zimene zinachitika chifukwa zikusonyeza mtundu wa ntchitoyi kuposa mawu ena alionse. Ndinaiwala kukoleka ulusi pa malo amodzi, koma ndinaphatikiza masititchi monga mwa tchati. Mzere umenewo unachepa ndi sititchi imodzi. Popeza ndinali nditatopa sindinawerenge, ndipo ndinapitiriza. Patani yonse kuchokera pamalopo mpaka kumapeto kwa mzere inasunthira mbali ndi sititchi imodzi, ndipo mizere yotsatira inamangidwa pa kusunthako. Ndinadzazindikira patapita mizere 14, nditayala nsalu pa bondo n'kuona kuti masamba a mbali imodzi athyoka msana. Pa juzi munthu angathe kutsitsa sititchi imodzi mpaka pamene panalakwika n'kuikwezanso ndi singano ya kambedza. Pa lesi yolukidwa patani pa mzere uliwonse zimenezi n'zovuta kwambiri, chifukwa masititchi amaphatikizana ndi kugawikana, moti ukamasula imodzi umapeza kuti yakoka anzake atatu.

Chimene chinandipulumutsa ndi ulusi wotetezera. Oluka lesi amatenga ulusi wosalala wa mtundu wina, kawirikawiri wa thonje, n'kuupisa ndi singano yosokera m'masititchi onse a mzere umene atsimikiza kuti ulibe cholakwa, n'kuusiya mmenemo. Zinthu zikasokonekera mtsogolo, amasolola singano n'kumasula nsalu mpaka pa ulusi uja, ndipo pamenepo kumasuka kumaima, sititchi iliyonse ili m'malo mwake kudikira kutoledwa. Wanga unali mizere 18 pansi. Ndinamasula ntchito ya sabata ziwiri m'mphindi zochepa, ndipo mtima unandiwawa, koma palibe sititchi imene inatayika. Kuyambira tsiku limenelo ndimapisa ulusi wotetezera pakatha mizere 10 iliyonse, ndipo ndimaika timphete pa singano pakati pa zigawo za patani, kuti ndikafika pa kamphete masititchi atatsala kapena atachepa ndidziwe pomwepo kuti cholakwa chili m'kachigawo kameneko. Wophunzira aliyense ndimamuuza ziwirizi ndisanamuonetse patani yokongola ina iliyonse, chifukwa ambiri amene amasiya lesi amasiya pa tsiku limene alakwitsa n'kusowa pobwerera.

Sikafu ija ndi ya kalukidwe ka ku Haapsalu, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa Estonia. M'zaka za m'ma 1800 tauniyi inkalandira alendo olemera, ambiri ochokera ku St Petersburg, amene ankabwera kudzasamba matope ochiritsa, ndipo akazi a m'tauniyo ankawagulitsa mashawelo. Chizindikiro cha lesi yawo ndi timfundo timene iwo amatitcha nupp. Kamfundo kamapangidwa potulutsa masititchi asanu, asanu ndi awiri kapena asanu ndi anayi mu sititchi imodzi, kenako pa mzere wobwerera n'kuwaphatikiza onse kuti akhalenso imodzi. Timfundoti tinkawonjezera kulemera kwa shawelo, zomwe zinali zofunika popeza mashawelo ankagulitsidwa poyeza kulemera, komanso tinkatsimikizira wogula kuti ntchitoyo ndi ya manja, chifukwa makina a nthawi imeneyo sankatha kutipanga. Chinsinsi chake n'kumasula dzanja. Ukakoka ulusi mwamphamvu potulutsa masititchi aja, pobwerera singano imakana kulowa, ndipo ukaikakamiza umasiya kaulusi kamodzi kunja, kamene kamadzamasuka tsiku lochapa. Ndimaluka timfundo tochepa patsiku, ndipo ndikamva zala zikulimba ndimaika pansi.

Mwambo wina waukulu ndi wa ku Orenburg, ku Russia, pafupi ndi mapiri a Ural, kumene amaluka ndi ubweya wofewa wa mbuzi umene umamera pansi pa ubweya wake wa pamwamba, wopesedwa ndi chipeso, n'kuupota pamodzi ndi ulusi wa silika kuti ulimbe. Mashawelo awo anaonetsedwa ku London mu 1862. Kalukidwe kawo sindinakayesebe, koma kali pa mndandanda wa zimene ndikufuna kuphunzira shawelo ino ikatha.

Nsalu ya patebulo ndi imene ndimakonda kuonetsa ana asukulu, chifukwa muli masamu amene amaoneka ndi maso. Imayambira pakati ndi masititchi 9 ndipo imalukidwa mozungulira. Pakatha mzere umodzi masititchi amawirikizidwa kukhala 18. Pakatha mizere ina itatu amakhala 36. Pakatha isanu ndi umodzi, 72. Pakatha 12, amakhala 144. Pakatha 24, amakhala 288. Ndipo pakatha 48 amafika 576. Chifukwa chake n'chakuti mtunda wochokera pakati pa chozungulira kufika m'mphepete ukawirikiza, m'mphepetemo namonso mumawirikiza kutalika. Woluka akawonjezera mochedwa nsalu imatukuka ngati chipewa, ndipo akawonjezera mofulumira imachita makwinya osagona pansi. Pakati pa mizere yowirikizirayo chiwerengero sichisintha, choncho munthu angaikemo patani iliyonse imene ikugawika bwino m'masititchi amene alipo. Ndili pa chigawo cha 576 tsopano, ndipo mzere umodzi umanditengera nthawi yoposa theka la ola. Mwana wina amene ankadana ndi masamu ataona nsaluyi anandifunsa kuti chigawo chotsatira chikanakhala ndi masititchi angati, ndipo anawerengera yekha ndisanamuyankhe.

Tsopano ndinene za ulusi, chifukwa ambiri amaganiza kuti ulusi ndi ulusi basi, bola mtundu ukhale wokongola. Ulusi wa lesi ndi wopyapyala moti magalamu 100 amakhala ndi mamita pafupifupi 800, ndipo wopyapyala koposa, umene amaufanizira ndi ukonde wa kangaude, umapitirira mamita 1,000. Umalukidwa ndi singano zokulirapo poyerekeza ndi ulusiwo, kawirikawiri za mamilimita awiri mpaka anayi, kuti nsalu ikhale yomasuka. Koma chofunika kwambiri ndi chimene ulusiwo wapangidwa nacho, ndipo chifukwa chake chimaoneka pa tsiku lomaliza.

Lesi ikamachoka pa singano siioneka bwino ngakhale pang'ono. Imakhala kamulu kokwinyika, kakang'ono, timabowo titatsekeka, moti munthu wosadziwa angaganize kuti miyezi yonse ija yapita pachabe. Woluka amaiviika m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi sopo wofewa, osaitikita, n'kuisiya kwa mphindi 20 kapena kuposerapo kuti madzi alowerere. Kenako amaitsukuluza, amaikulunga m'thaulo n'kufinya osapotokola, n'kuiyala pa malo osalala. Apa ndiye amayamba kuikunga ndi mapini osachita dzimbiri, kuyambira m'makona, kenako pakati pa mbali iliyonse, kenako dzino lililonse la m'mphepete palokha, uku akuyeza ndi tepi kuti mbali zifanane. Pamene akukoka, timabowo timatseguka kamodzikamodzi, ndipo masamba ndi mafunde amene wakhala akuwadziwa pa tchati chokha amaonekera kwa nthawi yoyamba. Ndakunga zoluka zambiri, koma mphindi imeneyi imandigwirabe mtima monga inachitira poyamba. Ubweya ukanyowa umalola kutambasuka, ndipo ukauma uli chikungire umasunga maonekedwe amenewo mpaka tsiku limene udzanyowenso. N'chifukwa chake shawelo ya ubweya imafunika kukungidwanso nthawi iliyonse ikachapidwa.

Ulusi wa acrylic, wopangidwa ndi mankhwala m'fakitale, umene unayamba kugulitsidwa kwambiri cha m'ma 1950, suchita chimodzimodzi. Ndi wolimba, suvuta kuchapa, ndipo pa juzi ya mwana ndimausankha mosakayika. Koma ukaunyowetsa n'kuukunga, umabwerera mwakale mapini akangochotsedwa. Umagonja ku nthunzi yotentha yokha, ndipo ukagonja subwereranso. Simbi ikaukhudza umasungunuka. Thonje nalo lili ndi khalidwe lake. Silitambasuka m'manja, choncho limatopetsa zala ndipo limaonetsa sititchi iliyonse yosafanana ndi inzake, koma limagona bwino patebulo ndipo limapirira kuchapidwa kawirikawiri. Thonje lonyezimira limene oluka madoilo, tinsalu ta lesi toyala patebulo, amalikonda limakonzedwa m'njira imene John Mercer wa ku England anaitulukira mu 1844, yoviika ulusi m'mankhwala amphamvu kuti ulimbe ndi kulandira utoto bwino. Ubweya uli ndi zoopsa zake ziwiri. Tsitsi lake lililonse lili ndi timamba, ndipo likakumana ndi madzi otentha, sopo ndi kutikita, timambato timakolana, nsalu n'kufota n'kukhala chinthu cholimba chimene sichingakonzedwenso. Choopsa china ndi njenjete, zimene mphutsi zake zimadya ubweya, makamaka wosungidwa uli ndi thukuta. Choluka cha ubweya chiyenera kusungidwa chochapa, chouma bwino, m'chinthu chotsekeka.

Kufuna kumvetsa ulusi n'kumene kunandifikitsa pa kupota. Ndimagwiritsa ntchito kamtengo kopotera kokhala ndi kolemera kozungulira, chida chimene anthu akhala nacho kwa zaka masauzande. Ubweya wosapota umaduka ukangoukoka, koma ukapotedwa tsitsi limagwirana n'kukhala ulusi. Maulusi awiri opotedwa mbali imodzi amaphatikizidwa powapota mbali inayo, ndipo mphamvu ziwirizo zikalingana ulusi umagona phee osadzipiringiza. Ulusi wanga sunafike pa kupyapyala kofunika pa shawelo ya mphete, ndipo pamafunika zaka kuti dzanja lifike pamenepo, koma kuyambira pamene ndinayamba kupota ndimatha kugwira mpukutu n'kudziwa ngati udzatsegula timabowo bwino kapena udzatitseka ndi ubweya wake.

Pali funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri, lakuti n'chifukwa chiyani munthu angathere miyezi pa chinthu chimene makina amapanga m'kanthawi kochepa. Funsoli ndi loyenera ndipo sindilinyoza. Makina oluka si achilendo: William Lee anapanga oyamba, oluka masokosi, mu 1589 ku Calverton pafupi ndi Nottingham. John Heathcoat anapanga makina oluka ukonde wa lesi cha mu 1809, ndipo mu 1816 fakitale yake ya ku Loughborough inaphwanyidwa ndi anthu okwiya ndi mmene makina ankasinthira ntchito ndi malipiro awo. Makina anachititsa kuti lesi, imene kale inali ya mafumu ndi olemera okha, ifike kwa munthu wamba, ndipo ichi n'chinthu chabwino. Koma taonani kuti lesi ya ku Shetland ndi ya ku Haapsalu inatchuka makinawo alipo kale. Anthu ankaifunabe chifukwa inali ndi zimene makina sankapereka: kupepuka kwa ubweya wopotedwa ndi manja, m'mphepete mopanda msoko, ndi patani imene woluka waisintha kuti igwirizane ndi munthu amene adzavale. Choncho ine sindiona makina ngati mdani wa luso limeneli. Chimene chimalipha ndi pamene odziwa sakufunsidwa, ndipo zimene akudziwa sizikulembedwa.

Oluka akale ambiri sankagwiritsa ntchito mapepala. Ankasunga mapatani m'mutu ndiponso pa kansalu kakatali koyeserera, kamene kankakhala ndi patani zambiri motsatizana, ndipo wophunzira ankawerenga kansaluko ndi maso n'kutengera. Njira imeneyi imagwira ntchito pokhapokha pakakhala wina wodziwa kuwerenga nsalu. Ndinalandirapo kansalu kotere kuchokera kwa mayi wina wachikulire amene maso ake anali atayamba kufooka. Munali mapatani 11, ndipo tinakhala limodzi masana angapo, iwo akufotokoza, ine ndikujambula timabokosi. Tinatha asanu ndi awiri asanadwale. Anayi otsalawo ndakhala ndikuwamasulira ndekha, sititchi ndi sititchi, ndi galasi lokulitsa, ndipo imodzi ikundivutabe chifukwa pali malo amene anatembenuza ulusi m'njira imene sindinaionepo kwina kulikonse. Akanafunsidwa zaka zisanu m'mbuyomo akanandionetsa m'mphindi imodzi.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti tsamba la zaluso lizipatula kadanga, ngakhale kamodzi pamwezi, kosindikizapo tchati chimodzi chaching'ono ndi mafotokozedwe ake m'Chichewa. Tchati cha masititchi 12 ndi mizere 16 sichitenga malo oposa chithunzi chimodzi, koma n'chokwanira kuti munthu aluke sikafu yathunthu. Muyambe ndi patani yosavuta ya mizere inayi, imene mzere umodzi wokha ndi umene uli ndi kukoleka ndi kuphatikiza, kuti wongoyamba kumene aone mafunde akutuluka m'manja mwake tsiku loyamba. Atolankhani anu akamacheza ndi oluka, asamangojambula zomalizidwa zitayalidwa. Azifunsa kuti ulusi ndi wanji, singano ndi zazikulu bwanji, masititchi ndi angati, ndiponso patani anaiphunzira kwa yani. Mayankho a mafunso amenewa ndi amene owerenga angagwiritse ntchito. Ndikupemphanso owerenga amene ali ndi tinsalu toyeserera ta makolo awo kuti asatitaye ngakhale titaoneka tachikale, koma atijambule bwino pa nsalu yakuda, titatambasulidwa, kuti timabowo tiwerengeke.

Ngati mungavomere, ndine wokonzeka kutumiza matchati asanu ndi awiri aja, olembedwa bwino ndi kuyesedwa, pamodzi ndi chithunzi cha patani imene ikundivutayo, mwina pakati pa owerenga anu pali wina amene angaizindikire.

Ine wanu,
Mmodzi wa oluka lesi